Momwe mungamangire nkhokwe ya zoti wothandizira wa AI azikumbukira

Tiyerekeze mlembi wa kopaletivu ya alimi a kachewere cha ku Bembeke. Madzulo ena wakhala pansi ndi foni, wafotokozera ChatGPT zonse za gulu lake: mamembala alipo angati, amalima Rosita ndi Violet, mbewu amasunga kuti, mavenda amabwera liti. Makinawo amuthandiza kulemba lipoti la mwezi mwaudongo. Sabata yotsatira watsegula macheza atsopano, wapeza kuti zambiri zija zaiwalika, ndipo zochepa zomwe zatsala zasakanikirana ndi za kwaya zomwe mwana wake anafunsa pa foni yomweyo. Kufotokoza mobwerezabwereza sikuthetsa vutoli. Chofunika n'kumanga nkhokwe yanuyanu, yoti inuyo mukudziwa zomwe zili m'kati, n'kumatapamo zopatsa wothandizirayo nthawi iliyonse mukayamba naye ntchito.

1. Dziwani kaye komwe kukumbukira kumachitikira

Wothandizira wa AI, kaya ndi ChatGPT wa OpenAI, Claude wa Anthropic kapena Gemini wa Google, saphunzira kanthu pamene mukucheza naye. Ubongo wake unaumbidwa kale ku kampani, ndipo mawu anu a lero sausintha. Yankho lililonse amalipanga poyang'ana mawu omwe aikidwa patsogolo pake nthawi imeneyo basi. Malo amenewa amawatcha context window. Muwaone ngati mphasa yoyanikapo ufa: zomwe zili pamphasa akuziona, zomwe zatsala m'nyumba sakuzidziwa, ndipo mukatseka macheza mphasa ija imakutumulidwa.

Mphasayi ili ndi malire, ndipo amaiyeza ndi matokeni, omwe ndi tizidutswa ta mawu. Mu 2023 GPT-4 Turbo inatuluka ndi matokeni 128,000, Claude anafika pa 200,000 chaka chomwecho, ndipo mu 2024 Gemini 1.5 Pro inafika pa 1 miliyoni. Manambalawa asakukomedwetseni. M'Chingelezi mawu 75 amadya matokeni pafupifupi 100, koma Chichewa chimadulidwa tizidutswa tambiri chifukwa makinawa anachiwerenga pang'ono. Liwu limodzi ngati "sitinawagulitse" limasweka kangapo, choncho mphasa yanu imadzadza msanga kusiyana ndi ya wolemba Chingelezi. Komanso ofufuza a ku Stanford ndi anzawo anaonetsa mu 2023 kuti mukaunjika zolemba zambiri, makinawa amagwira bwino zoyambirira ndi zomalizira, zapakati n'kumaziphonya. Kuthira zonse pamphasa nthawi imodzi si nzeru ayi.

Makampaniwa anawonjezerapo chikumbumtima chawo, kutanthauza njira yoti pulogalamuyo izisunga yokha zina mwa zomwe mwanena. ChatGPT anayamba kusunga mfundo za munthu mu Febuluwale 2024, ndipo mu Epulo 2025 anayambanso kusuzumira m'macheza akale. Zimathandiza, koma makinawo ndi amene amasankha chosunga ndi chotaya, ndipo tsiku lomwe mudzafune kusamukira ku kampani ina, kapena akaunti ikadzatsekeka, mudzavutika kuzitulutsa zonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mafayilo omwe ali m'manja mwanu ndiwo akhale gwero lenileni, zinazo zingothandizira.

2. Ntchito iliyonse ikhale ndi nkhokwe yake

Za kopaletivu pazokha, za banki mkhonde pazokha, za shopu ya zipangizo za ulimi pazokha. ChatGPT ndi Claude onse ali ndi malo otchedwa Projects, ndipo Gemini ali ndi Gems, momwe mumaikamo malangizo ndi mafayilo a ntchito imodzi. Tsegulani imodzi pa ntchito iliyonse. Ngati foni mumagwiritsa ntchito ndi a pabanja, akaunti ya gulu ikhale yosiyana ndi ya kunyumba, yotsegulidwa ndi imelo ya gulu.

3. Konzani foda ndi mafayilo ake

Pa laputopu kapena pa foni pangani foda, muitche nkhokwe-kopaletivu. Pa mayina a mafayilo musasiye mipata, gwiritsani ntchito kamzere. M'katimo mukhale izi:

00-mlozera.md
01-maziko.md
02-zapano.md
03-kachitidwe.md
foda ya zochitika
foda ya zakale

Fayilo ya maziko ndiyo mtima wa zonse. Muikemo zomwe sizisintha kawirikawiri: gulu ndi landani, lili pati, limalima chiyani, maudindo ake ndi ati, malipoti amapita kwa ndani, ndipo mumafuna mayankho m'Chichewa kapena m'Chingelezi. Isapitirire mawu 400. Iyi ndi fayilo yomwe wothandizirayo aziwerenga pa macheza aliwonse, ndiye liwu lililonse losafunika likudya malo tsiku ndi tsiku. Anthu ambiri amalakwa pomwepa: amathiramo mbiri yonse ya gulu kuyambira tsiku lomwe linayamba, mpaka mfundo zofunika kumira.

Ya zapano ndi ya zinthu zoyenda ndi nthawi: mitengo ya sabata ino, matumba omwe ali m'sitolo, ngongole ya gulu yomwe yatsala, ntchito zomwe zikudikira. Ya kachitidwe ndi ya njira zanu: momwe mumalembera maminitsi, momwe mumagawira phindu, kalembedwe ka kalata yopita ku ofesi ya zaulimi ya EPA yanu. M'foda ya zochitika muzikhala fayilo imodzi pa mwezi, monga 2025-06.md, momwe mumalemba zomwe zachitika motsatana ndipo simufufutamo kanthu. Mlozera ndi tsamba lalifupi lonena kuti fayilo yakuti ili ndi zakuti, inasinthidwa tsiku lakuti.

Sungani ngati .txt kapena .md, zomwe ndi zolemba wamba zopanda zokongoletsa. Notepad ya pa Windows ikukwanira, ndipo pa foni ya Android pali pulogalamu yaulere ya Markor. Fayilo ya mawu 500 imakhala ya makilobayiti anayi okha kapena asanu, moti kuilowetsa sikudya bandulo ngakhale netiweki ikuvuta. Posunga sankhani UTF-8, apo ayi chilembo cha ŵ chidzasanduka zizindikiro zosawerengeka. Musadalire zithunzi za kope la hadikava. Makinawa amawerenga zolemba pamanja, koma amasokoneza 1 ndi 7, kapena 5 ndi 6, ndipo sakuchenjezani. Manambala a ndalama muziwataipa nokha.

4. Kalembedwe ka mfundo iliyonse

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mfundo yosungidwa idzawerengedwa payokha, patapita miyezi, ndi makina omwe sanali nawo pamsonkhano. Taonani mzere uwu:

Mtengo wakwera, dzulo agula pa 18 ku msika kuja.

Lero mukumva bwinobwino. Mu Disembala palibe adzadziwe kuti dzulo ndi liti, msika ndi uti, 18 ndi chiyani, ndipo agula chiyani. Wothandizirayo sadzanena kuti sakudziwa, adzangodzazamo zake. Lembani chonchi, manambalawa ndi achitsanzo chabe:

2025-06-14 | mtengo | Kachewere wa Rosita, ndowa ya malita 20 yosefukira, K18,000, msika wa Lizulu | gwero: msungichuma, anaona yekha | itha ntchito: 2025-06-21

Mzere umodzi, mfundo imodzi. Tsiku muziyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako deti. Mukalemba 06/07/2025, kuno timawerenga 6 Julayi koma ku America amawerenga 7 Juni, ndipo makinawa anaphunzira zambiri kuchokera ku zolemba za ku America. Mawu ngati "dzulo", "sabata yatha", "chaka chino", "iwo aja", "kumene kuja" asapezeke m'nkhokwe.

Miyezo ilembedwe yonse. Thumba la feteleza ndi la makilogalamu 50, koma thumba la kachewere lomwe venda wasokerera pamwamba mpaka kutalika ngati munthu si lofanana ndi limenelo. Ndowa ilipo yaing'ono ndi yaikulu, yosefukira ndi yolekeza m'milomo. Mukangolemba kuti "thumba", wothandizirayo adzawerengera phindu ngati matumba onse ndi ofanana. Ku Lizulu ndi ku Tsangano, komwe malonda amadutsa malire ndi Mozambique, nenaninso ngati ndalamazo ndi makwacha kapena mameticais. Liwu loti "mbatata" nalonso n'lonyenga: lembani kachewere kapena kholowa, chifukwa malangizo a feteleza ndi mankhwala a ziwirizi ndi osiyana.

Gwero limakuthandizani tsiku la mkangano. "Anaona yekha", "zinamveka pa WhatsApp", "kalata ya alangizi", "maganizo a AI" si zolemera mofanana. Chomalizachi musachiiwale. Ngati wothandizirayo anangoganizira kuti chiwawu chagwira munda wakuti, inu n'kusunga popanda kunena kuti anali maganizo ake, mwezi wamawa adzakuuzani zomwezo ngati nkhani yotsimikizika, potengera nkhokwe yanu yomwe.

Tsiku lothera ntchito ndi lomwe ambiri amalinyalanyaza. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mtengo wa D-Compound kapena Urea wolembedwa mu Okutobala 2023 unali wopanda ntchito mwezi wotsatira. Makina sadziwa okha kuti mtengo watha ntchito pokhapokha muwauze. Mitengo ya pamsika ipatseni masiku 7, ya zipangizo masiku 30, mayina a komiti mpaka chisankho china, ndipo malamulo a gulu akhale opanda malire kufikira msonkhano waukulu utawasintha.

5. Zosayenera kulowa

Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, pasiwedi ya ku banki, nambala ya chiphaso cha unzika, matenda a munthu, ngongole yolembedwa ndi dzina la mwini wake: zonsezi zikhale kunja. Chilichonse chomwe mwalowetsa chimapita pa makompyuta a kampani kunja kwa dziko, ndipo madzi akatayika saoleka. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe amaliyang'anira a MACRA, limaika udindo pa aliyense wosunga ndi kugwiritsa ntchito mbiri za anthu ena, ndipo gulu lanu likusunga mbiri za mamembala.

Njira yake ndi yosavuta. Membala aliyense mum'patse nambala, monga M-014, ndipo m'nkhokwe muzilemba nambalayo. Mndandanda wolumikiza nambala ndi dzina ukhale m'kope lomwe amasunga msungichuma, lisalowe pa intaneti. Wothandizirayo angathe kuwerengera ngongole ya M-014 popanda kudziwa kuti ndi mayi wa m'mudzi uti. Pa ChatGPT lowani pa Settings, kenako Data controls, muzimitse batani lololeza kuti macheza anu aziphunzitsira makina. Pa funso lomwe simukufuna kuti likumbukiridwe gwiritsani ntchito Temporary Chat, yomwe siwerenga kapena kulemba m'chikumbumtima cha pulogalamuyo.

6. Kukolola macheza akatha

Musatseke macheza ofunika musanakolole. Mataniko lamulo ili, lisungeni mu fayilo ya kachitidwe kuti muzingolikopera:

"Kuchokera m'macheza athuwa, tulutsa mfundo zoyenera kusungidwa, zosapitirira 10. Mfundo iliyonse ikhale pa mzere wake, yokhala ndi tsiku, mtundu, gwero ndi tsiku lothera ntchito. Lekanitsa zomwe tagwirizana, zomwe zangoganiziridwa, ndi zomwe sizinathe. Usawonjezere chilichonse chomwe sitinakambe. Ngati mfundo ikutsutsana ndi zomwe zili mu 02-zapano.md, undiuze."

Akakupatsani mndandanda, werengani mzere ndi mzere musanausunge. Mphindi zisanu zimenezi ndi zomwe zimateteza nkhokwe yonse. Yang'anitsitsani zinthu zitatu. Manambala, chifukwa makinawa amatha kusintha matumba 38 kukhala 40 pofuna kufupikitsa. Mawu okana, chifukwa m'Chichewa "tigulitse" ndi "tisagulitse" amasiyana ndi kachidutswa kamodzi ndipo makinawa amakadumpha nthawi zina. Chachitatu, maganizo omwe asanduka chigamulo: wapampando anangoti "mwina tingayese kugulitsa ku Chimbiya", pa mndandanda n'kupezeka kuti "gulu ligulitsa ku Chimbiya".

Zomwe mwavomereza ziikeni m'fayilo ya mwezi uno, ndipo zomwe zikusintha mmene zinthu zilili zilowenso mu ya zapano. Mukadzafuna chidule cha chaka, chichokere m'mafayilo a miyezi. Musafupikitse chidule cha chidule china. Zimakhala ngati fotokope ya fotokope: ulendo uliwonse zina zimafufutika, ndipo pofika kachitatu manambala atha, kwatsala mawu okoma okhaokha.

Chenjeraninso ndi zomata kuchokera kunja. Uthenga wotumizidwa pa WhatsApp, PDF ya munthu wosam'dziwa kapena tsamba la pa intaneti zingakhale ndi mawu obisika olamula makina, monga akuti kuyambira lero ndalama zizitumizidwa ku nambala yakuti. Wothandizirayo sasiyanitsa bwino pakati pa mawu anu ndi mawu a m'chikalata. N'chifukwa chake mphamvu yolemba m'nkhokwe ikhale m'manja mwa munthu, makina azingopereka maganizo.

7. Chatsopano chilowe m'malo mwa chakale

Palibe amene amathira chimanga chatsopano pamwamba pa chofumbwa ndi anankafumbwe. Mu fayilo ya zapano chinthu chilichonse chikhale ndi mzere umodzi wokha. Mtengo ukasintha, dulani mzere wakale, muumate m'foda ya zakale ndi mawu akuti "wasinthidwa pa tsiku lakuti chifukwa chakuti", kenako lembani watsopano. Mukasiya yonse iwiri, wothandizirayo adzasankha umodzi mwa iwo, nthawi zina adzaphatikiza n'kupereka nambala yapakati yomwe palibe ananena. Foda ya zakale musamailowetse mu Project. Itulutseni pokhapokha mukufuna kuyerekeza zaka.

8. Kupatsa wothandizira zomwe mwasunga

Mu Project muikemo mafayilo anayi oyamba aja ndi fayilo ya mwezi uno. Pa malo a malangizo lembani zochepa koma zolimba:

"Yamba ndi 01-maziko.md. Poyankha za gululi gwiritsa ntchito mafayilo okha, ndipo utchule fayilo ndi tsiku la mfundo yomwe watenga. Mfundo ikakhala kuti yatha ntchito, undiuze usanaigwiritse. Ngati yankho mulibe m'mafayilo, unene kuti mulibe."

Poyamba macheza nenani tsiku la lero. Popanda kutero mwina sangadziwe kuti mfundo yatha ntchito.

Pali msampha womwe umakola ambiri. Fayilo yomwe mwalowetsa kuchokera pa foni kapena laputopu ndi kope chabe. Mukasintha ya pa laputopu, ya mu Project siisintha yokha. Fufutani yakale, lowetsani yatsopano, ndipo onetsetsani kuti simunasiye awiri a dzina limodzi. Macheza akatalika kwambiri n'kuona kuti wayamba kuiwala zomwe munanena kumayambiriro, musalimbane naye. Kololani, tsekani, yambani ena.

Kamodzi pa mwezi suzumirani chikumbumtima cha pulogalamuyo. Pa ChatGPT chili pa Settings, Personalization, kenako Memory. Fufutani zolakwika ndi zachikale. Dziwani kuti kufufuta macheza sikuchotsa mfundo yomwe inasungidwa kale kuchokera m'machezawo, muyenera kuichotsa payokha.

9. Nkhokwe ikakula kuposa mphasa

Magulu ambiri sadzafika pano, ndipo musathamangire. Koma bungwe lomwe lili ndi malipoti a zaka khumi a makalabu a ku Lobi, Mayani, Linthipe ndi Kaphuka silingaike zonse pamphasa. Njira yake imatchedwa RAG, dzina lomwe linachokera kwa ofufuza a Facebook mu 2020. Zolemba zimadulidwa zidutswa, funso likabwera kompyuta imasaka zidutswa zochepa zogwirizana nalo, n'kuzipereka kwa wothandizira pamodzi ndi funsolo. Apa pafunika munthu wodziwa kulemba mapulogalamu, ndipo izi ndi zoti mukambirane naye.

Zidutswa zikhale za mawu 200 mpaka 400, zodulidwa potsatira mitu ndi ndime, osadula pakati pa tebulo. Chidutswa chilichonse chitengeko mawu 40 kapena 50 a chinzake cham'mbuyo kuti mfundo yogwera pamalire isatayike. Pamwamba pa chilichonse pakhale mzere wonena fayilo, kalabu ndi tsiku. Popanda mzerewu, chidutswa chonena kuti "anakolola matumba 60" sichidziwika kuti ndi cha Lobi kapena cha Mayani. Pa funso limodzi tengani zidutswa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mukachulutsa, zosafunika zimaphimba zofunika.

Kusaka kuli mitundu iwiri. Woyamba ndi wa tanthauzo, womwe umasandutsa chidutswa chilichonse kukhala mndandanda wa manambala wotchedwa embedding. Makina a OpenAI opangira ma embedding otchedwa text-embedding-3-small amapereka manambala 1,536 pa chidutswa, omwe amadya makilobayiti 6. Zidutswa 10,000 ndi mamegabayiti pafupifupi 61, zomwe laputopu wamba imanyamula bwinobwino pogwiritsa ntchito mapulogalamu osakira m'manambalawa monga FAISS kapena Chroma. Vuto lake n'lakuti makina ambiri opanga ma embedding sadziwa Chichewa mokwanira, ndiye sangaone kuti "chiwawu" ndi "masamba akuda ndi kupserera" ndi nkhani imodzi. Komanso mukadzasintha makina opangira ma embedding, zidutswa zonse ziyenera kupangidwanso, chifukwa manambala a makina awiri osiyana sayerekezeka.

Wachiwiri ndi wosaka liwu lenileni, ndipo Chichewa chili ndi zake apa. Zida zambiri zosakira zinapangidwira Chingelezi, chomwe chimasintha kumapeto kwa liwu. Chathu chimasintha kutsogolo: tinagulitsa, adzagulitsa, osagulitsa, kugulitsa. Mukasaka "gulitsa" simupeza ngakhale limodzi. Pulogalamu yosungira zolemba ndi manambala ya SQLite ili ndi chosakira cha FTS5, ndipo kuyambira pa SQLite 3.34.0 ya mu Disembala 2020 chili ndi njira ya trigram, yomwe imadula mawu m'zilembo zitatuzitatu n'kupeza tsinde ngakhale lili pakati pa liwu. Pa Chichewa sankhani imeneyo. Musanasunge, gwirizanitsani kalembedwe: feteleza ndi fetereza, ŵ ndi w, komanso kachizindikiro ka mu "ng'ombe" ndi "m'munda", komwe Microsoft Word imakapinda pomwe Notepad imakasiya kowongoka, kompyuta n'kumaziona ngati zilembo ziwiri zosiyana.

Chomwe chimagwira bwino n'kuphatikiza mitundu yonse iwiri, n'kuwonjezera pa chidutswa chilichonse mzere wa mawu osakira m'zinenero ziwiri, monga: chiwawu, late blight, kachewere, Irish potato, kupopera. Koma kaundula wa ndalama ndi zokolola musamudule zidutswa. Funso loti "tinagulitsa matumba angati chaka chonse" likufuna mizere yonse, pomwe RAG imangobweretsa isanu. Manambala akhale mu Excel kapena Google Sheets, aphatikizidwe kumeneko, wothandizirayo alandire zotsatira.

10. Yesani ngati ikugwira

Lembani mafunso 20 omwe mayankho ake mukuwadziwa. Khumi akhale olunjika, monga tsiku la msonkhano waukulu. Asanu akhale a zinthu zomwe zinasinthapo, kuti muone ngati akutenga zatsopano. Asanu otsalawo akhale a zinthu zomwe mulibe m'nkhokwe, monga mtengo wa nyemba pomwe simunalembepo za nyemba. Pa asanu amenewa yankho lolondola ndi lakuti mulibe. Akapeka nambala, limbitsani malangizo a mu gawo 8.

Akalakwitsa, fufuzani motsatana: kodi mfundoyo ilimo m'fayilo? Kodi fayilo yomwe ili mu Project ndi yatsopano? Kodi pali mzere wina wotsutsana nayo? Kodi inalembedwa momveka payokha? Nthawi zambiri vuto limapezeka pa limodzi mwa mafunso anayiwa. Mafunso 20 aja muwasunge, muziwabwereza mukasintha mafayilo kwambiri kapena kampani ikatulutsa makina atsopano.

11. Kusamala ndi kusiyirana

Makope akhale atatu: pa laputopu, pa fulashi yomwe imagona nyumba ina, ndi pa Google Drive, yomwe imapereka magigabayiti 15 aulere. Magetsi a ESCOM akathima mwadzidzidzi pa kompyuta yopanda batire, fayilo yomwe inali kusungidwa ingathe kuwonongeka, ndiye musanayambe kusintha kwakukulu koperani foda yonse n'kuipatsa tsiku, monga nkhokwe-2025-06-30. Fulashi musamaipereke ku malo osindikizira mapepala, kumeneko ndi komwe mavairasi amalowera. Kamodzi pa miyezi itatu tsegulani kope la pa fulashi muone ngati likutseguka.

Sankhani tsiku limodzi pa mwezi, monga lotsatira msonkhano wa komiti, la kusesa. Mphindi 30 zikukwana: chotsani zomwe zatha ntchito, tsegulani fayilo ya mwezi watsopano, werengani mawu a mu maziko ngati sanapitirire 400, konzani masiku a mu mlozera, lowetsaninso mafayilo mu Project. Ntchitoyi ikhale ya anthu awiri, mlembi ndi wachiwiri wake, kuti wina akadwala kapena kusamuka gulu lisasowe pogwira.

Komiti ikasintha, mlembi wotuluka apereke foda, fulashi, kope la manambala a mamembala, imelo ya gulu ndi pasiwedi yake pamaso pa wapampando. Tsiku lomwelo mlembi watsopano asinthe pasiwedi, atulutse akauntiyo pa foni ya mnzake uja, asinthe nambala ya foni yolandirira uthenga wotsimikizira, kenako afunse mafunso 20 aja mlembi wakale ali pomwepo, kuti pomwe pasokonekera akonzere limodzi.